Banki ikagwa, amalipira ndani?

A mlembi anandipempha kuti zimene ndinayankhula Loweruka lapitali ndizilembe kuti zilowe m'kalata yathu ya mwezi uno, poti ena munali kumsika ku Mbulumbuzi, ena muli ku Limbe, ndipo ena mukutiwerenga pafoni muli ku Joni. Ndazilemba monga momwe ndinaziyankhulira, ndangochotsamo kutsokomola.

Nkhaniyi inayamba ndi mkangano wanu womwe. Mwagulitsa tomato ndi kabichi wa kudimba la kalabu, mwapeza kandalama kooneka, ndiye funso n'kukhala lakuti: tikasunge ku banki, kapena zizikhalabe m'bokosi monga kale? Mtsikana wina kumbuyo anafunsa kuti, "Nanga banki ikagwa?" Ambiri munaseka. Wina mpaka anati banki si nyumba ya zidina kuti ingagwe ndi mvula. Ine sindinaseke, chifukwa pa mafunso onse a tsiku limenelo, lanzeru linali limeneli. Mabanki amagwa, ana anga. Agwapo ku Ulaya, ku America, ku Zambia, ku South Africa, ndipo kuno kwathu ina inatsekedwa, ina inagulitsidwa ili wefuwefu. Nthawi zonse banki ikagwa pamakhala wina amene amalipira, ndipo kawirikawiri sakhala amene anaigwetsayo.

Pisani m'thumba. Amene ali ndi K2,000 kapena K500 aitulutse, musaope, sindikulandani. Nkhope mukuionayo ndi ya munthu wakwathu konkuno, m'busa John Chilembwe wa ku Mbombwe. Tsono ndiuzeni, n'chiyani chimachititsa mayi wogulitsa nandolo ku Namitambo kukupatsani nandolo wake, amene wamulimira chaka chonse, posinthana ndi kapepala aka? Simungakadye, simungakafunde, mukakachapira limodzi ndi buluku kamatuluka kali zii. Mphamvu yake yonse ili pa chikhulupiriro chakuti mawa wina adzakalandiranso. Pali dzina la Reserve Bank of Malawi ndi siginecha ya gavanala wake. Ndi lonjezo limenelo. Manambala a mu akaunti yanu ku banki ndi lonjezonso. Uthenga wa pafoni wokuuzani kuti mwatsala ndi K12,000 ku Mpamba kapena ku Airtel Money, nawonso ndi lonjezo. Chuma chathu chambiri chimene timachitcha ndalama ndi mawu a munthu wina akuti "ndidzakupatsa".

Masiku ano m'dziko muno wosindikiza ndalama ndi mmodzi, banki yaikulu basi. Kale m'maiko ambiri sizinali choncho. Banki iliyonse inkasindikiza mapepala akeake. Ndalama yeniyeni inali golide ndi siliva, pepala linali ngati lisiti lonena kuti wobwera nalo apatsidwe siliva wokwana mwakuti. Eni mabanki sanachedwe kuzindikira kuti anthu sabwera onse tsiku limodzi kudzatenga siliva wawo. Ndiye ngati m'chipinda muli siliva wa 100, bwanji osasindikiza mapepala a 300 n'kuwabwereketsa pa chiwongoladzanja? Kunena zoona, mpaka lero banki imayenda mofanana ndi pamenepa. Ndalama zimene mwasungitsa sizigona m'chipinda kudikira inu, zambiri zimabwerekedwa kwa ena. Palibe cholakwa pamenepo malinga pali muyezo ndipo obwerekawo akubweza. Zimavuta pamene wogwira makiyi wazindikira kuti palibe amene akumuyang'ana.

Ku America, m'boma la Rhode Island, m'katauni kotchedwa Glocester, kunali banki yotchedwa Farmers Exchange Bank. Mkulu wina wamalonda wa ku Boston, dzina lake Andrew Dexter, anagula masheya ochuluka m'bankiyo n'kuyamba kudzibwereketsa yekha. Ankasindikizitsa mapepala ambirimbiri n'kumakawamwaza kumadera akutali, kuti papite nthawi asanabwerere kudzafuna siliva. Mu 1809 zinthu zinaphulika. Aphungu a m'boma limenelo atatuma komiti kukaona, inapeza ndalama zachitsulo zokwana madola 86 okha, pamene mapepala a bankiyo amene anali m'manja mwa anthu anali oposa madola 500,000. Anataya ndani? Aliyense amene m'mawa umenewo anadzuka ali ndi pepala limenelo m'thumba. Mlimi amene anagulitsa ng'ombe dzulo lake, mmisiri amene analandira malipiro a sabata. Sanabwerekepo ngongole, mwina sankadziwa n'komwe kumene bankiyo ili. Ndipo taonani nthawi imene aphungu anafika: anafika maliro ataikidwa kale. Musunge mawu amenewa, tikumana nawonso kuno kwathu.

Nkhani yachiwiri ili pafupi nafe kuposa momwe mungaganizire. Nonse mumadziwa ku Mandala, ku Blantyre. Dzinali linachokera pa magalasi amene ankavala John Moir, mmodzi mwa abale awiri amene ankayendetsa kampani ya African Lakes. Kampani imeneyi inakhazikitsidwa mumzinda wa Glasgow ku Scotland mu 1878. M'chaka chomwecho, mumzinda womwewo, mwezi wa Okutobala, inagwa banki yaikulu yotchedwa City of Glasgow Bank. Akuluakulu ake anali atabwereketsa ndalama zankhaninkhani kwa makampani owerengeka okha, ena a anzawo, ndipo ngongolezo zitayamba kuola iwo ankangolemba mabodza m'mabuku kuti zonse zili bwino. Dzenje limene linapezeka linaposa mapaundi 5 miliyoni, ndalama za nthawi imeneyo.

Apa ogwira mapepala a bankiyo anapulumuka, chifukwa mabanki ena a ku Scotland anavomera kuwalandira, ndipo osungitsa ndalama anadzabwezeredwa. Koma wolipira anapezekabe. Lamulo la nthawi imeneyo linkati mwini sheya m'banki aziyankha pa ngongole zonse za bankiyo, mpaka nyumba yake ndi mbale zake. Pa masheya a mapaundi 100 aliwonse, mwini wake anauzidwa kuti apereke mapaundi 2,750. Mwa eni masheya pafupifupi 1,800, amene anatsala ali chiimire anali 254 okha. Ambiri mwa ogwawo anali anthu wamba amene anaika m'menemo ndalama za ukalamba wawo. Akuluakulu aja anazengedwa mlandu ku Edinburgh mu Januwale 1879. Awiri anapatsidwa miyezi 18 ya ukaidi, enawo miyezi 8. Miyezi 8, pamene mabanja mazanamazana anasauka mpaka imfa! Chaka chomwecho nyumba ya malamulo ya ku Britain inakhazikitsa lamulo lolola kuti udindo wa eni masheya ukhale ndi malire, ndiponso lakuti mabanki olembetsa motero aziwerengeredwa mabuku awo chaka ndi chaka ndi munthu wapadera wochokera kunja kwa banki. Lamulo labwino, koma linabadwa anthu atalira kale.

Ndi kampani ya Mandala yomweyo imene inayambitsa ntchito za banki m'dziko muno m'zaka za m'ma 1890. Standard Bank inatsegula nthambi ku Blantyre mu 1901. Mabanki amenewa sanali a makolo athu ayi, anali a azungu a m'maesiteti ndi amalonda. Makolo athu ndalama anaidziwira pa msonkho wa nyumba ndi pa thangata, monga ku Magomero pa esiteti ya A. L. Bruce, nkhani imene mumaidziwa bwino. Titalandira ufulu mu 1964, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Reserve Bank of Malawi, imene inayamba ntchito mu 1965, ndipo kwacha inabadwa mu 1971, kwacha ziwiri pa paundi imodzi. M'chaka chomwecho nthambi za Standard Bank ndi Barclays zinaphatikizidwa n'kukhala National Bank of Malawi.

Ndiye wina anganene kuti, poti tsopano wosindikiza ndalama ndi banki ya boma, ndipo siingatsekedwe, wogwira pepala sangatayenso kanthu. Ndikanakonda zikanakhala choncho. Malume anga anali mmodzi mwa matchona a ku Zimbabwe. Anapita dzikolo likutchedwa Rhodesia, anagwira ntchito zaka zambirimbiri akusunga pang'onopang'ono. Atabwera kumudzi mu 2009 anabwera ndi chikwama chodzadza ndi ndalama zapepala, ndipo adzukulu awo ndi amene ankasewera nazo pabwalo, kugulitsana nazo nsima ya dothi. Dziko limenelo linafika posindikiza pepala limodzi la madola 100 thililiyoni, ndiye kuti 1 wotsatiridwa ndi maziro 14. Mu 2015, pamene banki yaikulu ya kumeneko inkachotseratu ndalamayo, pepala limeneli linkasinthidwa ndi masenti 40 a ku America. Amene anali ndi ndalama zakale mu akaunti, kuyambira zochepa mpaka 175 wotsatiridwa ndi maziro 15, analandira madola 5. Banki sinatseke chitseko, koma lonjezo linafa.

Ife sitinafike pamenepo, Mulungu atithandize tisadzafike, koma kakomedwe kake takalawako. Mu Meyi 2012 dola imodzi inachoka pa K168 kufika pa K250. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene anali ndi ndalama za feteleza pansi pa mphasa usiku umenewo, kutacha mapepala anali omwewo, nkhope ya Chilembwe ili yomweyo, koma matumba amene akanagula anali atachepa. Pa vuto ili ndisakunamizeni, banki siikupulumutsani kwenikweni, chiwongoladzanja chimene imapereka pa akaunti wamba chimathamanga pang'ono kuposa mitengo ya zinthu. Bokosi ndiye silipulumutsa n'komwe. N'chifukwa chake ndimakuuzani kuti ndalama za mbewu ndi feteleza zisamagone mpaka Novembala.

Tibwere ku mabanki a kuno kwathu. Mu 2005 Reserve Bank inalanda chiphaso cha Finance Bank of Malawi, poinena kuti inkaphwanya malamulo a ndalama zakunja. Nkhani inapita kukhoti, inakokedwakokedwa, koma pofika 2006 bankiyo inatsekedwa. Imeneyi sindikhalapo nthawi. Imene ndikufuna tiione bwino ndi Malawi Savings Bank, MSB, chifukwa inali banki ya anthu ngati ife.

Funsani agogo anu za buku la ku positi ofesi. Ambiri mwa iwo ndalama yoyamba kusunga anaisunga m'buku limenelo, kalaliki n'kudinda chidindo. MSB inachokera m'menemo, ndipo mwini wake anali boma, kutanthauza inu ndi ine. Inali ndi nthambi m'maboma ndi m'matauni ang'onoang'ono kumene mabanki ena ankaona ngati kulibe phindu. Aphunzitsi, alimi, magulu a amayi, ankasunga kumeneko. Koma m'kati mwake munalowa matenda omwe aja a ku Glasgow: ngongole zikuluzikulu kwa anthu owerengeka, ena a iwo odziwana ndi andale, ndipo ngongolezo sizinkabwezedwa. Pofika 2015 ngongole zoola zimenezi zinali pafupifupi K6 biliyoni, ndipo gawo lalikulu linali la kampani imodzi yokha. Paja akulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Kalaliki wa banki ya boma angamulondole bwanji munthu amene amadya mbale imodzi ndi omulemba ntchito?

Nthawi yomweyo Reserve Bank inali itakhwimitsa malamulo a mpamba umene banki iliyonse iyenera kukhala nawo, ndipo MSB sinkakwanitsa. Boma linati lilibe ndalama zoipatsa, ndiye njira n'kuigulitsa. Nduna ya zachuma nthawi imeneyo anali malemu Goodall Gondwe. Kuti wogula asanyamule mtembo, boma linasenza ngongole zoola zija, n'kukhazikitsa kampani yapadera yoti izikazitolera kwa obwereka. Mu Julayi 2015 masheya 75 pa 100 aliwonse a MSB anagulitsidwa ku FDH Financial Holdings. Chaka chomwecho boma linagulitsanso masheya ake a mu Indebank ku National Bank.

Osungitsa ndalama ku MSB sanataye ndalama zawo, maakaunti awo anasamukira kwa mwini watsopano. Ndiye mungati nkhani inatha bwino, eti? Tiwerengere limodzi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno tinalipo anthu 17.5 miliyoni. Gawani K6 biliyoni kwa anthu amenewa, aliyense zikumugwera K340 ndi kanthu, kuphatikizapo khanda lobadwa dzulo. Kuno ku Chiradzulu tinalipo oposa 350,000, ndiye gawo lathu ndi pafupifupi K120 miliyoni, ndalama za 2015, pamene kwacha inali ndi mnofu kuposa lero. Ganizirani mijigo, madesiki, mankhwala a pachipatala. Palibe amene anabwera pakhomo panu kudzatolera K340 imeneyo. Munailipira pogula sopo, shuga ndi mayunitsi, chifukwa msonkho uli m'menemo. Wogwira pepala wa ku Rhode Island ankadziwa kuti wabedwa. Wokhoma msonkho wa ku Thumbwe sanauzidwe n'komwe.

Nanga aphungu athu anali kuti? Ndisawanamizire, anayankhula. Komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za bajeti ndi chuma inatsutsa kugulitsako, aphungu ambiri anakana, mabungwe omwe si aboma nawo anakuwa kwambiri. Boma linamva phokoso lonselo n'kugulitsabe. Pali zinthu ziwiri zimene zimandipweteka pamenepa. Choyamba n'chakuti mawu a Nyumba ya Malamulo anapepuka chonchi pa katundu wa anthu onse. Chachiwiri, chimene ambiri sakonda kuchimva, n'chakuti phokosolo linabwera mochedwa. Ngongole za K6 biliyoni sizinabwerekedwe tsiku limodzi. Zinatenga zaka, bajeti ikudutsa chaka ndi chaka, makomiti akukumana, malipoti akulembedwa. Nthawi yofunsa kuti banki yathuyi ikubwereketsa kwa yani, pa chikole chanji, inali imeneyo. Anafika maliro ataikidwa kale, n'kuyamba kukangana za amene atenge makasu.

Anansi athu nawo ali ndi zipsera zawo. Ku Zambia, banki ya Meridien BIAO inagwa mu 1995, ndipo mabanki ena angapo anaitsatira. Inu muli ku Joni mwina munamva za VBS Mutual Bank ya ku Limpopo. Mu Malichi 2018 banki yaikulu ya South Africa inailanda, ndipo kafukufuku wotsogoleredwa ndi loya Terry Motau anapeza kuti pafupifupi marandi 2 biliyoni anabedwa ndi anthu a m'kati ndi anzawo. Osungitsa ambiri anali nkhalamba za ku Venda, magulu a chipereganyu ndi magulu osonkherana za maliro. Agogo ankagona pamzere panja pa banki ku Thohoyandou kudikira ndalama zawo zomwe. Boma linalonjeza kubweza mpaka marandi 100,000 kwa wosungitsa aliyense wamba. Kuyambira mu Epulo 2024 dziko limenelo lili ndi inshuwalansi ya osungitsa ndalama ya muyezo womwewo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsono lero tili pati? Pali zimene zasintha, ndipo n'zofunika muzidziwe musanavote za ndalama za kalabu. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa malamulo atsopano a zachuma, lina mwa iwo ndi Financial Services Act. Pansi pa lamulo limeneli gavanala wa Reserve Bank ndi amenenso amapereka ziphaso ndi kuyang'anira mabanki, makampani a inshuwalansi, a penshoni, mabungwe obwereketsa ndalama zing'onozing'ono ndi ma SACCO. Ali ndi mphamvu yotumiza anthu kukafufuza mabuku, yochotsa akuluakulu osayenera, ngakhale yolanda banki imene yayamba kudwala. Mabanki amakakamizidwa kusindikiza m'nyuzipepala momwe chuma chawo chayendera. Masamba aja odzadza manambala amene mumakulungira zitumbuwa, ndi amenewo.

Chachikulu kwa ife osunga zochepa chinabwera mu 2022, pamene aphungu anavomereza lamulo lokhazikitsa Deposit Insurance Corporation, imene inayamba ntchito mu 2023. Mabanki amasonkha ndalama ku bungwe limeneli, inu simulipira kanthu. Banki ikatsekedwa, bungweli limabweza kwa wosungitsa aliyense mpaka K3 miliyoni pa banki imodzi. Amene anali ndi zoposa pamenepo, zotsalazo amadikira kuti katundu wa banki agulitsidwe. Ndiye kwa mtsikana uja anafunsa funso, yankho ndi ili: ndalama za kalabu yathu sizinafike K3 miliyoni, choncho banki ya chiphaso itagwa lero, lamulo likuti tibwezeredwe zonse. Isanafike 2023 chitetezo chotere kunalibe, zinkangodalira chifundo cha boma la tsikulo.

Koma mumvetsetse malire ake. Inshuwalansi imeneyi siikhudza banki m'khonde. Siikhudza chipereganyu. Siikhudza mnyamata wovala suti amene amabwera ndi nkhani yakuti ikani K20,000 lero, pakutha sabata ziwiri mulandira K60,000, bola mubweretse anzanu atatu. Siikhudza timaapu ta pafoni timene timalonjeza phindu tsiku ndi tsiku mpaka tsiku limene timangozimiririka. Ameneyo ndi Andrew Dexter wavala zovala zatsopano, mapepala ambiri, m'chipinda mulibe kanthu. Funso loyamba kwa aliyense wofuna kusunga ndalama zanu likhale lakuti chiphaso chanu cha ku Reserve Bank chili kuti. Akayamba kuzungulira, nyamukani. Safunsa anadya phula.

Banki m'khonde sindikuinyoza ayi. Yamangitsa nyumba za malata zambiri m'midzi yathu kuposa banki iliyonse ya ku Victoria Avenue, yalipirira ana sukulu, yagulira anthu ng'ombe za mkaka. Koma nayonso ndi banki, ndipo imadwala matenda a mabanki. Zaka zingapo zapitazo mayi a kunyumba kwanga anali m'gulu lina, sinditchula mudzi. Chaka chonse kope linkaoneka bwino, manambala akukwera mwezi ndi mwezi, amayi akuwerengera kale za Khirisimasi ndi feteleza wobereketsa. Litafika tsiku logawana mu Disembala, bokosi litatsegulidwa, munali ndalama zosakwana theka. Wapampando anali atabwereka kanayi, m'dzina lake, la mwana wake, la mlamu wake ndi la munthu wina amene anasamuka kalekale. Mlembi ankadziwa koma ankaopa, poti wapampandoyo anali mkazi wa munthu wolemekezeka m'mudzimo. Mamembala enawo ankangosaina osawerenga. Nkhani inakathera kwa amfumu, mbuzi ziwiri zinagwidwa, koma mabanja angapo chaka chimenecho analima opanda feteleza, ndipo ena mpaka lero sapatsana moni. Ndikaiganizira nkhani imeneyi sindiona kusiyana kwake ndi ya MSB, kupatula maziro.

Pagulu ngati limenelo, nyumba ya malamulo ndi mamembala. Ndinu. Palibe gavanala amene adzabwere kuchokera ku Lilongwe kudzawerenga bokosi la kalabu ya achinyamata ku Chiradzulu. Ngati inu simuwerenga, palibe amene awerenge.

Maganizo anga pa mkangano wanu ndi awa, ndipo mukhoza kuwakana, ine ndine mlangizi chabe, sindivota. Ndalama zimene simuzigwiritsa ntchito mwezi uno zipite ku banki ya chiphaso, pa akaunti ya dzina la kalabu, osati la munthu. Osainira akhale atatu, osachokera banja limodzi, ndipo ndalama isatuluke popanda awiri. Musanasankhe banki, mufunse ndalama zimene amadula pamwezi, chifukwa pali maakaunti ena amene amadya ndalama zochepa mpaka kuzimaliza, ndipo muwerengerenso thiransipoti yopitira kumeneko. M'bokosi mutsale zochepa zogwiritsa ntchito. Amene mukuti bokosi ndiye lodalirika chifukwa fodya wako ndi amene ali pamphuno, kumbukirani Malichi 2023. Namondwe wa Freddy atagumula phiri n'kukokolola mudzi wa Ntauchira, madzi sanasankhe kuti ichi ndi chimanga, ichi ndi chikwama. Moto, mbava ndi chiswe nazonso sizifunsa. Ndipo wapampando, mlembi ndi msungichuma akafuna kubwereka, pempho lawo lizikambidwa iwo atatuluka panja. A wapampando musandiyang'ane choncho, sindikunena inu, ndikunena mpando.

Chinanso. Aphungu athu amabwera kuno, makamaka chisankho chikayandikira, ndipo mafunso amene timawafunsa ndi a mipira, mayunifolomu ndi mabokosi a maliro. Sindikuti n'zoipa. Koma phungu ntchito yake yeniyeni ndi kupanga malamulo ndi kulondola ndalama za anthu. Tsiku lina akadzakhala pampando apa, mmodzi wa inu adzaimirire mwaulemu n'kufunsa kuti, bwana, pa K6 biliyoni ya MSB ija, zabwezedwa zingati mpaka lero, ndipo ndani sanabweze? Wina adzafunse kuti, poti kwacha ikunka ichepa mphamvu, K3 miliyoni ya inshuwalansi ija idzaunikidwanso liti? Wina afunse ngati komiti yawo inaitanapo akuluakulu a mabungwe a boma obwereketsa ndalama kuti aonetse mndandanda wa obwereka akuluakulu amene sakubweza, ngongolezo zisanaole. Akapanda kuyankha, lembani kalata. Kuyambira mu Sepitembala 2020 lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma likugwira ntchito, ndipo silinena kuti wofunsa akhale ndi digiri kapena akhale wa mu tauni. Kalabu ngati yathu ikhoza kulemba, a mlembi ali ndi dzanja labwino.

Kuvota kuchitika Loweruka likubwerali, 2 koloko masana, pamalo athu a nthawi zonse. Inu a ku Joni ndi ku Limbe tumizani maganizo anu pa gulu la WhatsApp lisanafike Lachisanu madzulo kuti adzawerengedwe. A msungichuma mudzabwere ndi bokosi ndi makope onse awiri, lakale ndi latsopano, tidzawerenge ndalama pamphasa aliyense akuona tisanakambe za banki. Ndamvanso kuti kiyi wa loko wachitatu anasowa mwezi wa Juni ndipo bokosi lakhala likutsekedwa ndi maloko awiri. Amene ankasunga kiyi ameneyo adzafike msanga, tidzayambira pamenepo.